Mlonda wa Pachipata Akakhalanso Mwini Katundu

Ndikudziwa kuti ambiri a inu tsiku lopuma ndi limodzi lokha pa sabata, ndipo ena ngakhale limodzilo mumachita kupempha, choncho sindizungulira. Ntchito yanga ndi kufufuza za malipiro ndi moyo wa anthu apantchito m'chigawo chino cha Africa. Lero ndikufuna tikambirane nkhani imene poimva koyamba imaoneka ngati ya anthu a mataye okhaokha, yokhudza malamulo a malonda ndi mabizinesi a mabanja a atsogoleri amene amalemba malamulowo. Ndikufuna ndikuonetseni kuti nkhaniyi imafika mpaka m'thumba mwanu, pa malipiro amene mumalandira, pa mtengo wa shuga amene mumagula, ndi pa katundu amene mumatumiza kumudzi.

Tiyambe ndi kumasulira mawu. Tikamati malamulo a malonda, tikunena makiyi angapo amene ali m'manja mwa boma. Kiyi woyamba ndi msonkho wa pachipata: boma likaukweza, katundu wochokera kunja amakwera mtengo, ndipo wopanga katundu yemweyo m'dzikomo amagulitsa mopanda wopikisana naye. Wachiwiri ndi chiletso kapena chiphaso: boma limatha kunena kuti katundu wakutiwakuti asalowe pokhapokha munthu ali ndi chilolezo. Wachitatu ndi lamulo lonena amene ayenera kulima mbewu inayake, ndi kumene ayenera kukaigulitsa. Wachinayi ndi mapangano ndi mayiko ena, otsegulira katundu wathu misika yakutali. Kiyi aliyense mwa awa akatembenuzidwa, ndalama zimachoka m'manja mwa ena n'kupita m'manja mwa ena. Palibe lamulo la malonda limene silikhala ndi wopindula ndi woluza.

Kumudzi kwathu timadziwa kuti nyakwawa siweruza mlandu wa malire a munda ngati munda umodzi pa iwiriyo uli wake kapena wa mphwake. Mlandu wotero amautumiza kwa agulupu. Sikuti nyakwawayo ndi wakuba, ayi. Chifukwa chake n'chakuti mtima wa munthu sungakhale pakati pamene chake chili pamlandu, ndipo ngakhale ataweruza molungama, anthu sadzakhulupirira chiweruzocho. Kusemphana kwa udindo ndi phindu la banja kumene ndikunena lero n'komweku. Mtsogoleri amene wasunga makiyi a pachipata, pamene mkazi wake, mwana wake kapena kampani yake ikugulitsa katundu wodutsa pachipata chomwecho, ali ngati nyakwawa yoweruza mlandu wa munda wake. Ndikupatsani zitsanzo zitatu za m'chigawo chathu chino, zonse zolembedwa bwino m'mbiri.

Choyamba n'cha ku Malawi, m'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda. Pulezidentiyu anali ndi kampani yaikulu yotchedwa Press Holdings, imene pafupifupi masheya ake onse anali m'dzina lake, ngakhale iye ankati akuisungira mtundu wa Amalawi. Kampaniyi inali ndi maesiteti a fodya, masitolo a PTC, ndiponso masheya m'mabanki aakulu a dzikolo. Pa nthawi yomweyo panali lamulo lotchedwa Special Crops Act. Kudzera m'lamuloli, fodya wa mtengo wapamwamba, wa bale ndi wa fuluu, ankalimidwa ndi okhawo amene anali ndi chiphaso, ndipo ziphasozo zinkapita ku maesiteti. Mlimi wamba wa pamunda wa makolo ankangololedwa fodya wa chikopa ndi mitundu ina yotsika mtengo. Komanso mwini esiteti ankapita ndi fodya wake ku okushoni n'kukalandira mtengo wa pamsika wa dziko lonse, pamene mlimi wamba ankayenera kugulitsa kwa ADMARC, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1971.

ADMARC inkagula mbewu za alimi pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene inkagulitsira. Phindu la pakatipo silinabwerere kumudzi. Gawo lalikulu linapita ku ngongole ndi masheya othandiza kukuza maesiteti ndi makampani, ndipo Press inali m'gulu la opindula kwambiri. Nduna ndi akuluakulu a chipani nawonso ankalimbikitsidwa kutsegula maesiteti awo. Taonani mmene chingwechi chinalukidwira. Wolamula kuti ndani alime bale anali mlimi wamkulu wa fodya m'dzikomo. Wolamula mtengo wa mlimi wamba anali yemwe ankabwereka phindu lotsalalo. Ndipo mlimi amene analetsedwa kulima bale pamunda wake ankakalima bale yemweyo pa esiteti ya wina, ngati tenanti, akudya chimanga cha ngongole chaka chonse, n'kudzamva pa mapeto a nyengo kuti zimene watsala nazo n'zochepa, mwinanso kuti adakali ndi ngongole.

Palinso mbali ina ya nkhaniyi yokhudza agogo athu amene ankapita ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kwawo. Chisoni cha ngoziyo chinali chenicheni. Koma akatswiri a mbiri ya zachuma aonetsanso kuti zaka zomwezo maesiteti ankakula mofulumira ndipo ankasowa manja, ndiye amuna obwererawo ambiri anakathera kumeneko, pa malipiro otsika kuposa a kumigodi. Munthu mmodzi yemweyo ndiye anali ndi mphamvu yotseka njira ya ku Joni, ndipo ndiye anali ndi minda yofuna antchito.

Mapeto ake anali otani? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Press inamira m'ngongole, ndipo boma linalowererapo kuti iyimenso, kutanthauza kuti mtolowo unagwera anthu okhoma msonkho. Alimi wamba anayamba kuloledwa kulima bale mu 1990. Nyumba ya Malamulo inachotsa chuma cha Press m'manja mwa Dr Banda ndi anthu ake kudzera m'lamulo la mu 1995. Koma utenanti unakhalabe, ndipo lamulo louthetsa linadzabwera mu 2021. Lamulo la malonda lolembedwa mokomera ochepa limatha kufa, koma umphawi umene linabala umakhalabe ndi moyo mpaka kwa zidzukulu. Ena mwa inu amene mukuthyola mphesa ku Western Cape kapena malalanje ku Limpopo munabadwira m'mabanja a matenanti a ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba, ndipo ulendo wanu unayambira pamenepo.

Chitsanzo chachiwiri n'cha ku Zimbabwe, ndipo ichi ambiri mukuchikumbukira. Banja la Robert Mugabe linali ndi famu ya ng'ombe zamkaka ku Mazowe, yotchedwa Gushungo, imene linaipeza pa nthawi yolanda minda ya azungu. Imeneyo ndi nthawi yomwe antchito ambiri a m'mafamu, ena mwa iwo ana ndi zidzukulu za Amalawi, Amozambiki ndi Azambia, anataya ntchito ndi pokhala pomwe. Mu Okutobala 2009 kampani ya Nestlé inasiya kugula mkaka wa famuyo anthu a m'mayiko ena atadandaula. Mu Disembala chaka chomwecho Nestlé inaimitsa fakitale yake ya ku Harare kwa masiku angapo, ponena kuti akuluakulu a boma ndi apolisi anabwera mosayembekezeka n'kuikakamiza kulandira mkaka umene sinapangane zogula. Antchito a pafakitalepo analowa nyengo ya Khirisimasi asakudziwa ngati ntchito ikhalapobe. Mkangano unali wa banja la mtsogoleri ndi kampani yolemera ya ku Switzerland, koma amene anagona osapeza tulo ndi anthu a maovolosi.

Patapita zaka zochepa, banjali linatsegula fakitale yakeyake yotchedwa Alpha Omega Dairy, yopanga mkaka, yogati ndi ayisikilimu. Kenaka mu Juni 2016 boma linatulutsa lamulo lotchedwa Statutory Instrument 64, lonena kuti katundu wambiri asalowe m'dzikomo popanda chilolezo chapadera. Pamndandandapo panali chiponde, jamu, mayonezi, nyemba za m'chitini, madzi a m'botolo, mafuta odzola, komanso yogati, ayisikilimu, tchizi ndi mkaka wokometsera. Amayi ochita malonda odutsa malire, ndi anthu ngati inu amene mumatumiza zakudya kwanu kudzera mwa onyamula katundu, aja anzathu a ku Zimbabwe amati omalayitsha, anangoona katundu wawo akulandidwa pa Beitbridge. Pa 1 Julayi 2016 anthu anachita zionetsero mbali zonse ziwiri za mlatho, ndipo nyumba yosungiramo katundu wolandidwa ya bungwe lotolera msonkho la ZIMRA inatenthedwa. Chipatacho ndi chomwe amadutsa mabasi ochoka ku Johannesburg kupita ku Blantyre ndi Lilongwe kudzera ku Nyamapanda ndi Tete.

Pano ndiyenera kulankhula mwachilungamo. Sindikunena kuti lamulo lija linalembedwera Alpha Omega. Eni mafakitale ambiri a ku Zimbabwe analipempha ndi kuliyamikira, makampani ena a mkaka monga Dairibord nawonso anali otetezedwa nalo, ndipo dzikolo linalidi pa vuto losowa ndalama zakunja. Koma apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Pamene boma la mtsogoleri wogulitsa yogati laletsa yogati wakunja, palibe njira imene mayi wolandidwa katundu pa Beitbridge angadziwire ngati akuvutikira dziko lake kapena akuvutikira sitolo ya banja limodzi. Ngakhale lamulolo likanakhala labwino kotheratu, linali litadetsedwa kale ndi dzanja lolisainira. Ndipo chilolezo chija chinali chapafupi kwa kampani yokhala ndi maloya ndi odziwana nawo ku Harare, koma chakutali kwa mayi wa zikwama ziwiri za chitenje. Mu Okutobala 2018, Mugabe atachoka kale pampando ndipo masitolo akusowa katundu, boma linafewetsa ziletsozo.

Chitsanzo chachitatu n'cha ku Eswatini, dziko limene mpaka 2018 linkatchedwa Swaziland, ndipo chikukhudza inu odula nzimbe. Mu 1968 Mfumu Sobhuza II inakhazikitsa thumba la chuma lotchedwa Tibiyo TakaNgwane, ndipo mawu ake anali ofanana ndi aja a Press: mfumu ikusungira mtundu. Lero thumbali lili m'manja mwa Mfumu Mswati III. Silikhoma msonkho ngati makampani ena, ndipo siliyankha ku Nyumba ya Malamulo. Tibiyo ili ndi pafupifupi theka la masheya a Royal Eswatini Sugar Corporation, mwini zigayo za nzimbe za Simunye ndi Mhlume, komanso magawo 40 pa 100 a Ubombo Sugar ku Big Bend. Shuga ndi imodzi mwa katundu wamkulu amene dzikolo limagulitsa kunja, makamaka m'mayiko a mgwirizano wa SACU, kumene amatetezedwa ndi msonkho woletsa shuga wotchipa wakutali, ndi ku Ulaya, kumene amalowa osalipira msonkho.

Tsono boma limene limapita kukakambirana mapangano amenewa limatsogoleredwa ndi nduna yaikulu yosankhidwa ndi mfumu, ndipo zipani za ndale zinaletsedwa m'dzikomo mu 1973. Boma lomwelo ndilo limayang'anira malamulo a ntchito ndi kulembetsa mabungwe a antchito. Mu 2012 linachotsa m'kaundula TUCOSWA, bungwe lalikulu la mabungwe a antchito. Chifukwa cha kuponderezedwa kwa ufulu wa antchito, dziko la America linachotsa Swaziland mu pangano la malonda la AGOA kuyambira Januwale 2015. Amene anamva kuwawa kwa chilangocho anali amayi osoka zovala m'mafakitale a ku Matsapha, amene ambiri anachotsedwa ntchito. TUCOSWA inalembetsedwanso mu 2015, ndipo dzikolo linabwerera mu AGOA mu 2018. Makolo anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma pa nkhani za malonda zimatembenuka: nkhuyu amadya akuluakulu, m'mimba mumapota mwa ana.

Mukaika zitsanzo zitatuzi pamodzi, muona kuti wantchito amalipira katatu. Amalipira pa malipiro ake, chifukwa boma limene mtsogoleri wake ndi wolemba anthu ntchito silifulumira kukweza malipiro otsikitsitsa kapena kutumiza oyendera ntchito ku famu ya bwana wamkulu. Amalipira m'sitolo, chifukwa katundu wotetezedwa ku mpikisano sachedwa kukwera mtengo, ndipo munthu wosauka ndi amene ndalama zake zambiri zimathera pa chakudya, sopo ndi mafuta. Amalipiranso pa mawu ake, chifukwa kudandaula za bwana kumasanduka kunyoza boma, ndipo mkangano wa malipiro umene ukanathera pa tebulo umathera m'manja mwa apolisi. Inu ogwira ntchito kunja kwa dziko lanu mumawonjezera kachinayi: mavuto amenewa ndi amene amakuchotsani kwanu, ndipo mukafika kuno zinthu zikavuta, chala chimaloza inu kuti ndinu mwatha ntchito ndi kukweza mitengo.

Wina anganene kuti, kodi mtsogoleri asakhale ndi bizinesi? Kodi mwana wa pulezidenti afe ndi njala chifukwa bambo wake ali pampando? Yankho n'lakuti ayi. Kukhala ndi famu kapena fakitale si mlandu. Ndipo kuteteza mafakitale a m'dziko si chinthu choipa pachokha. Mayiko ambiri olemera anakula motero, ndipo antchito a m'mafakitale a nkhuku, shuga ndi zovala nthawi zambiri amapempha okha chitetezo chotero kuti ntchito zawo zisathe. Chimene tikufuna n'chosavuta: wopindula ndi lamulo asakhale wolilemba, ndipo anthu adziwe amene akupindula. Chitetezo chochokera ku boma ndi ndalama za anthu onse, pakuti ndi ife ogula amene timalipira mtengo wokwerawo. Choncho kampani yolandira chitetezo iyenera kuonetsa kuti ntchito zawonjezeka zingati ndipo malipiro akwera motani.

Malamulo oletsa khalidweli alipo kale m'mabuku. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a mu 1994, olembedwa anthu akukumbukira bwino za Press, amati pulezidenti ndi nduna aulule chuma ndi mabizinesi awo, mabizinesiwo ayendetsedwe ndi ena m'malo mwawo, ndipo asadziike pamalo pamene phindu lawo lingasemphane ndi udindo wawo. Lamulo la mu 2013 linakhazikitsa ofesi yosunga zimene akuluakulu a boma aulula, ndipo nzika ikhoza kupempha kuti izione. Ku South Africa, gawo 96 la malamulo aakulu limaletsa nduna kugwira ntchito ina yolipidwa kapena kudziika pangozi ya kusemphana kotereku, ndipo aphungu amalembetsa chuma chawo chaka ndi chaka m'kaundula amene gawo lake lina ndi la poyera.

Koma mpanda uli ndi chiboo, ndipo chiboocho ndi banja. Lamulo limagwira mtsogoleri, pamene masheya ali m'dzina la mwana wamkulu, mlamu kapena bwenzi. Ku South Africa, Duduzane Zuma, mwana wa Pulezidenti Jacob Zuma, anali ndi gawo mu Tegeta, kampani ya banja la a Gupta yogulitsa malasha ku Eskom. Lipoti la Thuli Madonsela la mu 2016, ndi kafukufuku wa komiti ya Jaji Raymond Zondo amene anatha mu 2022, zinaonetsa mmene Eskom inalipiriratu Tegeta ndalama zoposa R600 miliyoni pa nthawi imene kampaniyo inkasowa ndalama zogulira mgodi wa Optimum. Imeneyi ndi nkhani ya makontirakiti a boma, koma phunziro lake limagwiranso ntchito pa ziphaso za malonda. Lamulo louza mtsogoleri kuti aulule chuma chake, koma osafunsa za ana ake akuluakulu, lili ngati khola lotseka pakhomo koma lotseguka kumbuyo.

Nanga ife tingachite chiyani, anthu amene ena tilibe ngakhale ufulu wovota m'dziko limene tikugwiramo ntchito? Choyamba, dziwani amene mukumugwirira ntchito. Kapitawo si mwini famu, ndipo nthawi zina ngakhale amene mumamutcha bwana ndi woyang'anira chabe. Sungani mapepala a malipiro, lembani dzina la kampani limene lili pamenepo, dzina limene lili pa makatoni a zipatso, ndi dziko limene zipatsozo zikupita. Zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma bungwe la antchito kapena wofufuza ngati ine akhoza kuzitsata m'kaundula wa makampani mpaka kupeza eni ake enieni. Famu yogulitsa ku Ulaya imaopa kutaya msika wake, ndipo kudziwa kumene katundu wanu amathera ndi mphamvu pokambirana.

Kwa inu amayi ndi abambo ogwira ntchito zam'nyumba ndili ndi mawu apadera. Ena mumagwira m'nyumba za anthu amphamvu, ndipo mumaona ndi kumva zambiri. Sindikukutumani kuti mukhale akazitape, kutsegula makalata kapena kujambula zinthu za abwana. Zimenezo zikhoza kukutayitsani ntchito ndi kukuikani m'ndende, ndipo pakavuta, wantchito wam'nyumba ndi amene amayamba kuganiziridwa. Chitetezo chanu chili pa kukhala ndi pangano la ntchito lolembedwa, kusunga umboni wa malipiro, ndi kukhala m'gulu limodzi ndi anzanu. Wina akakuuzani kuti musainire pepala la kampani, kapena kuti dzina lanu ligwiritsidwe ntchito potsegula akaunti ya kubanki, kanani, ndipo funsani uphungu. Chuma chobisidwa chimafuna dzina la munthu wosauka loti chibisalemo, ndipo tsiku la mlandu dzinalo ndi limene limaitanidwa.

Chachiwiri, pachipata cha malire musamangopereka katundu ndi kuchoka. Ofesala akakulandani katundu, funsani mwaulemu dzina kapena nambala ya lamulo limene akugwiritsa ntchito, ndipo pemphani lisiti. Katundu wolandidwa popanda lisiti sapita ku boma. Amene mumachita malonda ang'onoang'ono pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, dziwani kuti COMESA ili ndi ndondomeko yofewetsa malonda a amalonda ang'onoang'ono, imene imalola katundu wa pamndandanda wogwirizana kudutsa ndi mapepala ochepa, ndipo pa zipata zina monga cha Mchinji ndi Mwami pamakhala desiki yothandiza amalonda otere. Malisiti ndi madandaulo anu akasonkhanitsidwa ndi bungwe, amasanduka umboni wa amene lamulo likuwapweteka.

Chachitatu, lowani m'mabungwe, ndipo mukalowa, bweretsani nkhani ya malonda pamsonkhano. Pali SADSAWU ya ogwira ntchito zam'nyumba ku South Africa, CSAAWU ndi Women on Farms Project za m'mafamu a ku Western Cape, GAPWUZ ku Zimbabwe, ndi TOAWUM ya ogwira ntchito za fodya ku Malawi. Ku South Africa, kampani ikapempha kuti msonkho wa katundu wina ukwere, bungwe la ITAC limalengeza pempholo ndi kulandira ndemanga za anthu, ndipo mabungwe a antchito ali ndi mpando ku NEDLAC kumene nkhani za malonda zimakambidwa. Makampani saphonya mwayi umenewu. Mawu a wothyola zipatso ndi wochapa zovala samveka kawirikawiri kumeneko, ndipo sadzamveka ngati sitiwatumiza. Dziwaninso kuti Khoti la Zantchito la ku South Africa linagamula mu 2008 kuti mlendo wopanda chiphaso chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA.

Musaganize kuti anthu ngati ife sitingasunthe kanthu. Antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns atanyanyala ntchito mu 2012, malipiro otsikitsitsa a m'mafamu anakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105 pa tsiku mu Malichi 2013. Pamene lamulo la malipiro otsikitsitsa a dziko lonse linayamba mu 2019, ena ankalandira R20 pa ola, a m'mafamu R18, a m'nyumba R15. Mabungwe sanatope kukankha, ndipo a m'mafamu anafanana ndi anzawo mu 2021, a m'nyumba mu 2022. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinabwera ngati mphatso. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo zala zimene zinagwira ntchitoyi zinali za eni dziko ndi za alendo pamodzi.

Pomaliza, ndikusiyirani zinthu zitatu zoti tizipempha kulikonse kumene tingapeze mpata, m'mabungwe athu, m'mipingo, m'magulu a anthu a kumudzi kwathu, ndi kwa ofuna mipando akamayenda nthawi ya kampeni. Atsogoleri aulule poyera mabizinesi awo pamodzi ndi a akazi kapena amuna awo ndi ana awo, ndipo zimenezi zipezeke mosavuta, m'zilankhulo zathu. Nduna kapena pulezidenti amene banja lake lili ndi phindu pa katundu wina atuluke m'chipinda pamene msonkho kapena chiletso cha katunduyo chikukambidwa, ndipo zilembedwe kuti anatuluka. Boma lizisindikiza mayina a onse amene lawapatsa ziphaso zolowetsa kapena kutulutsa katundu woletsedwa kwa ena, kaya ndi chimanga, feteleza, shuga kapena simenti.

Ngakhale muli kutali, kumudzi amakumverani, chifukwa ndinu amene mumatumiza fizi, feteleza ndi malata. Mukamaimba foni madzulo ano, musangofunsa za mvula ndi matenda. Funsaninso kuti thumba la shuga lafika pa zingati, anakweza ndani, ndipo amene ali ndi chilolezo choligulitsa ndi mwana wa yani. Tsopano ndi nthawi yanu yofunsa.